Amayi a m'ndende: kodi kuchepa kwawo ndi mlandu?

Inu a Unduna wa za Chitetezo cha M'dziko, inu akuluakulu a nthambi ya ndende, inu aphungu a ku Dowa ndi ku Ntchisi, tatiyankhani. Mayi akagwidwa ku Malomo, ku Madisi kapena ku Mvera, bwalo la milandu n'kumukaniza belo, usiku umenewo amakagona kuti? Amamutsekera ndani? Makiyi amagona m'thumba la yani? Akayamba kudwala pakati pa usiku n'kumenya chitseko, amabwera ndi mkazi mnzake kapena mwamuna wa yunifolomu? Nanga khanda lomwe lili kumsana kwake, mumalilemba m'buku liti?

Musathamangire kutiuza kuti amayi ali ndi mbali yawo. Zimenezo tikuzidziwa. Ndende zathu zambiri, kuyambira Zomba, Chichiri ndi Mzuzu mpaka zazing'ono za m'maboma, zidamangidwa ndi maganizo a mkaidi wamwamuna. Pambuyo pake ndi pomwe adadulako kangodya, n'kuzunguliza mpanda, n'kunena kuti kuno ndi kwa amayi. Malowo ali ngati kakhitchini komata kuseri kwa nyumba: denga lake ndi la malata otsala, ndipo mvula ikavuta mwininyumba amayamba waona kuchipinda kwake. Mpandawo umalekanitsa amuna ndi akazi, basi. Sugawa mofanana madzi, bwalo lootherapo dzuwa, sukulu, mankhwala, kapena makutu a mkulu wa ndende.

M'zaka zaposachedwapa akaidi m'Malawi muno apitirira 16,000, m'nyumba zoyenera kusunga pafupifupi theka la anthu amenewo. Mwa akaidi 100 alionse, amayi sakwana atatu. Dziko lonse, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndi mazana ochepa chabe. Kuchepa kumeneku ndiko mwakhala mukubisalako. Ndalama zikavuta mumati tiyambe ndi ambiri, ndipo ambiriwo tsiku lililonse ndi amuna. Koma tatembenuzani nkhaniyi. Ngati amayiwa ndi ochepa chotere, chikukukanikani n'chiyani kudziwa aliyense ndi dzina lake, mlandu wake, tsiku lomwe adalowa ndi msinkhu wa mwana wake? Mapadi a amayi mazana angapo angagwetse bajeti ya dziko? Namwino mmodzi wowayendera mwezi ndi mwezi angasaukitse unduna? Vuto la amuna ndi lalikulu ndipo lifuna njerwa, simenti ndi zaka. La amayi mukhoza kulipeputsa chaka chino chomwe. Simunatero chifukwa palibe amene akukukakamizani.

Tayang'anani mmene maboma awiriwa akhalira. Pa boma la Ntchisi pali ndende. Ku Dowa kuli Bzyanzi, kosungira anyamata olakwa. Ku Lilongwe kuli Maula, komanso Kachere, yomwe kale inkasunga anyamata koma tsopano ikusunga amayi. Mudzanena kuti Kachere ndi umboni wakuti mukuchitapo kanthu, ndipo sitikana kuti ndi chiyambi. Koma mayi wa m'mapiri awa amatsala ndi njira ziwiri, zonse zaminga: kusungidwa kufupi ndi kwawo m'kangodya ka ndende ya amuna, kapena kutengedwa ulendo wa ku Lilongwe, komwe apeza amayi anzake koma osaonanso nkhope ya wachibale. Amene adayendapo kuchokera kwa Nthondo kapena kwa Kasakula nthawi ya dzinja akudziwa tanthauzo lake. Uyambe wakwera njinga yamoto m'misewu yoterera kukafika pa boma, upeze galimoto yotsikira ku Mponela, kenako ina ya mu M1. Amene angayende ulendowu ndi gogo yemwe watsala ndi adzukulu, ndipo ndalama yomwe ali nayo ndi ya mtedza kapena soya yomwe amasungira feteleza. Asankhe chiyani?

Musaganize kuti kuyendera mkaidi ndi nkhani ya moni chabe. M'ndende zathu amadya kamodzi pa tsiku, nsima ya mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba. Sopo, shuga, ndiwo zina, mafuta odzola ndi chitenje chosinthira zimabwera ndi alendo. Mu Okutobala 2022 chakudya chidatheratu m'ndende zingapo, akaidi n'kugona ndi njala masiku otsatizana, ndipo opepukidwa adali okhawo omwe abale awo ankatha kufika pa geti. Mukamutalikitsa mayi ndi kwawo, mwamuchotsera chakudya, sopo ndi nkhani za ana ake nthawi imodzi. Woweruza sadalembe zimenezo m'chigamulo chake. Mudaziwonjezera ndinu.

Ndipo mudaonetsa kale kuti zinthu zikathina amene amasunthidwa ndani. Mu 2020, Covid-19 italowa m'ndende, amayi a ku Maula adanyamulidwa kupita kutali ngati ku Mzimba kuti malo awo asanduke osungirako odwala. Mliri udalipo, sitikutsutsa. Koma n'chifukwa chiyani malo oyamba kuonedwa ngati otha kulandidwa adali a amayi? Mudafunsa kuti ndi angati omwe milandu yawo idali ikuzengedwa ku Lilongwe? Abale awo mudawauza? Mudaganizapo za mwana wa ku Nambuma yemwe amayi ake tsopano adali mtunda wa tsiku lathunthu?

Pano tiyankhulenso nanu, mafumu ndi eni mbumba. Kaimeni pa geti la ndende tsiku loona akaidi, muone amene ali pamzere. Mwamuna akamangidwa, mkazi wake amasenza ufa, ndiwo ndi mwana, mwezi ndi mwezi, mpaka chilango chithe. Mkazi akamangidwa, mwamuna amapitako kangati? Mkamwini amalongedza n'kubwerera kwawo. Amene adali ku chitengwa amatuluka n'kupeza mnzake ataphika kale pa mafuwa ake. Mwamuna wotuluka m'ndende mudzi umamulandira n'kumupatsa khasu. Mkazi amalozedwa zala pa mjigo, ku tchalitchi ndi ku maliro mpaka imvi. Mwambo wathu umati mwinimbumba sataya mlongo wake. Nanga mlongo akavala foya, mwambowo umathera pati?

Malamulo sakusowa. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa asungidwe mwaulemu woyenera munthu, apatsidwe chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala pa ndalama za boma, ndipo aloledwe kuonana ndi abale ake. Gawo 20 limaletsa tsankho, gawo 24 limateteza amayi. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, bwalo lalikulu lidagamula kuti kuthithikana ndi kusowa mpweya m'ndende zathu ndi nkhanza zonyoza umunthu. Lidapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka, ndipo lidakana chodzikhululukira chakuti kulibe ndalama. Mu 2010 mayiko a United Nations adavomereza malamulo 70 a ku Bangkok okhudza akaidi aakazi. Lachinayi limati mayi asungidwe kufupi ndi kwawo. Lachisanu limati apatsidwe mapadi mwaulere ndi madzi osadukiza. Malamulo a Nelson Mandela a 2015 amati m'ndende yosunga amuna ndi akazi, makiyi a mbali ya amayi asungidwe ndi msilikali wamkazi, ndipo mwamuna asalowemo popanda kuperekezedwa ndi mkazi. Pangano la ku Maputo la 2003, lomwe Malawi adalivomereza, limatchula amayi a m'ndende mwachindunji. Zonsezi zili m'mashelefu anu. Ndi chiti mwa izi chomwe mungatitengere ku ndende ya m'boma lililonse n'kutionetsa ndi maso kuti chikutsatidwa?

Tiyambe ndi thupi la mkazi, popeza ndi pomwe mumakhala chete kwambiri. Mkaidi wamkazi amapita kumwezi ngati mkazi wina aliyense. Mpopi ukauma masiku atatu amasamba ndi chiyani? Nyanda zake amachapa kuti, n'kuyanika pati? Timaona m'manyuzipepala magulu a amayi a mvano, mabanki ndi mabungwe atanyamula makatoni a mapadi ndi sopo, mkulu wa ndende akuthokoza n'kupempha ena akufuna kwabwino kuti atengerepo chitsanzo. Opereka achita bwino ndipo Mulungu awadalitse. Koma mwezi womwe sadabwere, chimachitika n'chiyani? Boma lomwe lidatsekera munthu m'chipinda lingadikire wachifundo kuti amupatse chovala cha m'kati? Maunyolo ndi maloko simuyembekeza kuti mpingo ukugulireni. N'chifukwa chiyani mapadi okha?

Nanga woyembekezera? Amapita ku sikelo masiku ake onse, kapena pokhapokha galimoto ya ndende ikakhala ndi mafuta? Amadya chiyani choposa nandolo za aliyense? Matenda akayamba usiku, kuchokera pomwe wamenya chitseko mpaka pomwe waonana ndi mzamba pamapita nthawi yaitali bwanji? Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri pa dziko lonse. Ndi liti pomwe amayi a m'ndende adapimidwa komaliza? Omwe ali pa ma ARV amamwa mankhwalawo m'mimba muli chiyani?

Ndiye pali mwana. Lamulo limalola khanda loyamwa kulowa ndi mayi wake, ndipo n'zomveka, chifukwa kulichotsa ku bere kungakhale nkhanza ina. Koma mwanayu sadabe, sadamenye munthu, sadaime pamaso pa woweruza. Chakudya chake chili pa mzere uti wa bajeti yanu? Phala la Likuni amalipeza, kapena amanyambita nsima ya mgaiwa ya mayi wake? Katemera amalandira pa nthawi yake? Amagona m'neti? Akayamba kuyenda amasewera pati? Tsiku lomuchotsa likafika, amapita kwa yani, ndipo ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma la Dowa kapena Ntchisi imamutsatira? Mwana amene mawu ake oyamba akuwaphunzira pakati pa kulira kwa maloko ndi kuitana maina ndi mwana wa Malawi, ndipo ali m'manja mwa boma usana ndi usiku kuposa mwana wina aliyense.

Tsankho loonekeratu lili pa mwayi. Mumanyadira, ndipo mpake, kuti akaidi amalemba mayeso a Sitandade 8 ndi a Fomu 4, amaphunzira ukalipentala, kuwotcherera ndi zomangamanga, amalima m'minda ya ndende. Tiuzeni: mwa omwe adalemba MSCE chaka chatha, amayi adali angati? Makalasi ali mbali iti ya mpanda? Shopu ya ukalipentala ili mbali iti? Bwalo la mpira lili mbali iti? Popeza lamulo silifuna kuti amuna ndi akazi asakanikirane, njira yachidule yakhala kutsekera amayi m'kangodya kawo, amuna n'kutsala ndi zonse. Chitetezo cha mayi chasanduka chifukwa chomumanira sukulu. Kodi n'kovuta kugawa maola, kuti kalasi ikhale ya amuna m'mawa, ya amayi masana?

Nkhani ya ku Zomba ikadayenera kukutsegulani maso kalekale. Mu 2013 wojambula nyimbo wa ku America, Ian Brennan, adalowa m'ndende ya Zomba, yomwe idamangidwa mu 1935 kuti isunge anthu 340 koma inkasunga oposa 2,000. Mbali ya amuna adapeza bandi ndi magitala. Mbali ya amayi kudalibe bandi, kudalibe gitala. Komabe atapatsidwa mpata, amayiwo adapeka ndi kuimba nyimbo zambiri zomwe zidalowa m'chimbale cha Zomba Prison Project, chomwe mu 2016 chidakhala choyamba cha ku Malawi kupikisana nawo pa mphoto za Grammy. Luso lidalipo nthawi yonseyo, kuseri kwa khoma lomwelo, pansi pa ulamuliro wa akuluakulu omwewo. Padatengera mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja kuti wina afunse ngati amayi nawo ali ndi nyimbo. Ndi maluso angati ena omwe akufota chifukwa palibe wofunsa?

Tsopano funso lomwe simulikonda. Mayi akachitidwa zachipongwe m'chitokosi cha polisi kapena m'ndende, amakanena kwa yani? Kwa nyapala? Kwa mnzake wa amene wamulakwirayo? Madandaulo otere mudalandirapo angati, ndipo adatha bwanji? Mukanena kuti simudalandirepo, musayembekeze kuti tiwomba m'manja, chifukwa munthu amene chakudya chake, sopo wake ndi ulendo wake wa ku chipatala zili m'manja mwa womulondera sayankhula mwachisawawa. Sitikunena kuti asilikali a ndende ndi zilombo. Ambiri akugwira ntchito yowawa pa malipiro ochepa, m'nyumba zong'ambika. Koma dziko lino lidaona za ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu mu Okutobala 2019, ndipo mu 2020 bwalo lalikulu lidalamula kuti amayi ndi atsikana 18 apepesedwe chifukwa cha zomwe apolisi adawachita. Zimenezo zidachitikira m'midzi, anthu ali pafupi. Nanga komwe kulibe mboni? Ndi mapolisi angati a m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi omwe ali ndi chitokosi cha amayi paokha ndi wapolisi wamkazi wogwira usiku?

Inu oweruza, mbali yanu ndi yaikulu, chifukwa khomo la ndende mumatsegula ndinu. Sitikunamiza anthu kuti amayi onse a m'ndende ndi osalakwa. Alipo omwe adapha, adaba, adazunza ana, ndipo agwire ukaidi wawo. Koma tayang'anani mafailo. Ndi angati ali m'kati chifukwa adalephera chindapusa chomwe munthu wa ndalama akadalipira asanatuluke m'bwalo? Ndi angati adabwezera kamodzi atamenyedwa zaka khumi, atadandaula kwa ankhoswe, kwa amfumu ndi ku polisi osathandizidwa? Ndi angati akuimbidwa mlandu wotaya pathupi, womwe chilango chake chimafika zaka 7, mwamuna wopereka pathupipo ali phee kunyumba? Mu 2016 amayi 19 a ku Dedza adagwidwa n'kupezedwa olakwa pa mlandu wodya ndalama za uhule, ndipo bwalo lalikulu ku Zomba lidafafaniza chigamulocho chaka chomwecho. Mu 2010 bungwe la Association of Secular Humanism lidawerenga anthu oposa 80, ambiri mwa iwo amayi okalamba, omwe adali m'ndende pa nkhani za ufiti, pomwe lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti. Amayi a ku Dedza adapeza owaimira. Mayi wa kwa Chikho, wosadziwa kuwerenga, amene wavomera mlandu chifukwa wauzidwa kuti akavomera zitha msanga, amuimira ndani?

Njira zina zilipo ndipo mukuzidziwa. Chilango chogwira ntchito zothandiza anthu uli kunyumba chidayamba m'dziko muno mu 2000. Gawo 30 la pangano la Africa la ufulu wa ana limati kwa mayi woyembekezera kapena wa mwana wamng'ono, chilango chosakhala cha ndende chiganiziridwe poyamba. Malamulo athu a kazengedwe ka milandu adaika malire a nthawi yosunga munthu mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya m'mabwalo aang'ono, masiku 90 pa milandu ikuluikulu ngati yakupha. Ndi amayi angati a pa rimandi omwe adutsa malire amenewa? Mukapita kukazengera milandu m'ndende momwemo mothandizana ndi a bungwe la PASI ndi a Legal Aid Bureau, mumayamba mwalowa mbali ya amayi, kapena dzuwa limalowa muli pa mndandanda wa amuna? Musanatumize mayi ku ndende, mumafunsa kuti ana ake agona ndi yani usiku umenewo?

Anthu a ku Dowa safunika kuuzidwa kuti ndende ndi chiyani. Dzaleka, isanakhale msasa wa othawa kwawo mu 1994, idali ndende ya andale, ndipo m'zaka za m'ma 1970 mudatsekeredwanso a Mboni za Yehova, amuna, akazi ndi ana. Tidati zimenezo zidapita ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. Koma mu Meyi 2023 boma lidasesa othawa kwawo m'matauni, anthu mazana, pakati pawo amayi ndi ana oposa 100, n'kukawatsekera ku Maula lisanawatumize ku Dzaleka. Adaganiza ndani kuti ndende yothithikana kale ndi malo ogonekapo ana? Adafunsidwapo ndani? Dzanja lomwe limasaina zinthu zotere silinaphunzire kunjenjemera.

Ndipo tidali naye mphunzitsi. Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, adakhala m'ndende kuyambira 1981 mpaka 1993, zaka zambiri mwa izo ku Zomba, ndende imodzi ndi mwamuna wake Orton. Adatha zaka 8 osaonana, n'kuonana mu 1992, Orton atatsala pang'ono kumwalira. Vera atatuluka sadakhale pansi. Adasankhidwa kukhala woyang'anira za ndende mu Africa yonse pansi pa bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights, ndipo mu 2001 adayendera ndende za kwawo konkuno n'kulemba zomwe adaona. Papita zaka zoposa 20. Dziko lomwe lidapatsa Africa mayi ameneyu lingalephere bwanji kupereka madzi ndi mapadi kwa akaidi ake aakazi?

Lamulo la ndende la 1956, la nthawi ya atsamunda, lidatilamulira zaka zoposa 60 aphungu akuzengereza, mpaka adavomereza latsopano mu 2025. Tikulilandira. Koma chigamulo cha Masangano nachonso tidachilandira ndi nthungululu, ndipo akaidi lero ndi ochuluka kuposa tsiku lomwe chidawerengedwa. Bungwe loyendera ndende la Inspectorate of Prisons, lokhazikitsidwa ndi gawo 169 la malamulo oyendetsera dziko, limalemba malipoti opita ku Nyumba ya Malamulo. Inu aphungu, mudawerengapo? Mudatsutsanapo za iwo tsiku lathunthu monga mumachitira ndi malipiro anu? Inu aphungu aakazi, masiku 16 olimbana ndi nkhanza akafika mu Novembala, mumafika kuseri kwa mpanda uja?

Zomwe tikufuna si zakumwamba. Nthambi ya ndende isindikize, ndende ndi ndende, chiwerengero cha amayi, a pa rimandi, oyembekezera ndi ana omwe ali nawo. Bajeti ikhale ndi mzere wake wa mapadi, chakudya cha oyamwitsa ndi cha makanda. Oweruza aunikenso failo ya mayi aliyense woyembekezera kapena wa mwana wamng'ono, ndipo amene sali chiopsezo kwa anthu akagwire chilango chake kumudzi. Kalasi, shopu ndi bwalo zikhale ndi maola a amayi. Inu aphungu a ku Dowa ndi ku Ntchisi, pitani ku Ntchisi, ku Maula ndi ku Kachere osatumiza kalata patsogolo, mukafunse amayi a kwanu, mukhale nawo pansi popanda msilikali pambali, mumve okha. Tafunsa poyera. Tiyankheni poyera, ndi manambala, bajeti ikubwerayi isanadutse.